Nyerere Sizidya Oyilo

Zaka khumi ndi zisanu akuchapa zovala za makaniko, Habiba anali asanaonepo nyerere itayandikira oyilo wa galimoto. Mphemvu zimamuthawa, chiswe chimamuthawa, n'chifukwa chake theka la Nselema linkabwera ndi timabotolo kwa mwamuna wake kudzapempha oyilo wakutha wokapaka mitengo ya denga. Koma m'mawa wa Lachisanu limenelo, atanyamula ovolosi ya Sufiyani kuti aiviike m'madzi, anapeza thumba la pachifuwa lili bii ndi nyerere, zina zikulowa, zina zikutuluka, ngati kwagwa ukwati.

Inali ovolosi ya Lolemba. Pathumba pomwepo ndi pamene Sufiyani ankapukutira zala akamaliza kufikisa oyilo watsopano kuti amumve kulemera kwake, monga ankachitira asanathire m'galimoto iliyonse. Ndipo Lolemba anathira oyilo m'galimoto imodzi yokha, pikiapu ya dizilo ya Godfrey.

Pikiapuyo tsopano inali chagada kunsi kwa mlatho wa Rivirivi, ku Balaka. Lachitatu, itasenza matumba a mpunga wa kwa Mposa ndi anthu asanu pamwamba pa matumbawo, injini inanoka ili pamtsetse, mabuleki n'kuuma gwa, galimoto n'kukagubuduka. Anayi anapulumuka. Elube, mayi wogulitsa mpunga, anafera pomwepo n'kusiya ana atatu. Injini ija ataitsegula sanapezemo oyilo, anapezamo zinthu zogwirana ngati phala logona. Godfrey anauza apolisi kuti oyiloyo anamugulitsa ndi makaniko wake, ndipo dzuwa lisanalowe Sufiyani anali m'chitokosi. Lachinayi, tsiku lake lochapa, Habiba analithera pakhomo la polisi akulira.

Belu la njinga linalira pageti.

"Odi, achemwali. Mwagonako?"

Anali Abdulrahim, mlongo wake wamkulu, womata ndowa ndi mabeseni kuseri kwa msika. Makolo awo atamwalira, iyeyu ndiye anasiya sukulu n'kumulera Habiba ndi waya wamoto komanso zibenthu za pulasitiki. Ngakhale beseni la Habiba labuluu litang'ambika mwezi wathawu, ndiye analitenga, ati lafa koma likamata anzake.

"Tulo ndilipeza kuti, achimwene? Taonani izi."

Abdulrahim anasuzumira n'kubwerera m'mbuyo. "Nyerere za mvula izo. Chapani msanga, sopo wambiri. Kapena ndipatseni ndikaitenthe, chovala cha tsoka sasunga." Anakanda kukhosi. "Za ku galaja musadandaule. Ndasesako dzulo m'mawa, ndakhomanso chitseko, akuba angapezerepo mwayi."

Habiba anathokoza, koma ovolosiyo sanapereke. Anasasa nyerere n'kununkhiza thumbalo. Pansi pa thukuta ndi dizilo panali kafungo kena, kodziwika bwino koma kosochera, ndipo mutu wake wotopawo unakana kumuuza kuti n'kachiyani. Anaipinda n'kuiika m'jumbo, anaponda mpondagiya, chigubu chopachika chosambira m'manja chija, anasukula zala, ndipo anauyamba wa ku polisi.

* * *

Wapolisi wofufuza nkhaniyi, a Hilary, anali bambo wamtali, wowonda, wa nkhope ya munthu amene anamva kale bodza lililonse la m'boma la Machinga. Za nyererezo anamvetsera mpaka kumapeto, akuzunguza cholembera patebulo.

"Mayi, nyerere sizingaime m'bokosi la mboni," anatero. "Ine ndili ndi dalaivala amene akuti oyilo anamugulitsa ndi amuna anu, ndilinso ndi amuna anu amene akuvomera kuti anathira ndi manja awo. Mawa eyiti koloko anzathu a ku Balaka akubwera kudzawatenga. Pafa munthu apa. Akakalowa ku rimandi, kumeneko munthu amamera imvi akudikira tsiku la khoti."

"Ndiye nditani, bwana?"

"Chigubu chimene munali oyiloyo, kapena munthu amene anagulitsa. Mukandibweretsera chimodzi mwa ziwirizi dzuwa lisanalowe, ndilemba lipoti lina. Kupanda apo tisavutane."

Anamulola mphindi zisanu pa chitseko cha chitokosi. Sufiyani anali atatha ngati wadwala mwezi, ndipo chimfine chimene chinamugwira sabata yatha chinali chidakalipo.

"Make Yasmin, Wallahi oyilo uja anabwera naye yekha," anatero pang'onopang'ono, monga ankafotokozera makasitomala ake. "Zigubu ziwiri, zomata bwinobwino, chizindikiro chake chomwe chija, oyilo wa dizilo uja wa nambala fifitini fote. Lamulo langa ukulidziwa. Mwini galimoto agule yekha, nditsegule iye akuona, ndithire iye akuona."

"Fungo simunalimve?"

"Ndi mphuno izi? Ukanandinunkhizitsa ndowe ndikanati ndi sopo. Koma zala zinandiuza. Anali wolemera, wonanda, ngati amuthira kale uchi."

Uchi umenewu sunali wa njuchi. Anali mankhwala a m'timabotolo amene madalaivala amathira mu injini yokalamba kuti isiye kufuka utsi, ndipo Sufiyani ankadana nawo koopsa. Ankati n'chimodzimodzi kumanga nsanza pachilonda chofunika kusoka.

"Ndinamuuza Godfrey kuti injini ya dizilo imafuna oyilo wake weniweni ndi sefa yatsopano, basi, zinazi n'kudzinamiza. Akuti iyayi, ndi mtundu watsopano wa injini zotopa, uchi amathiriratu ku fakitale. Kenako akuti, galimoto ndi yanga kapena yako?" Sufiyani anatsamira mutu pachitsulo. "Ndinathira, Habiba. Zala zinakana, ine n'kuthira. Mayi uja ndimamuona ndikangotseka maso."

"Zigubuzo zili kuti?"

"Kudzala kuseri kwa galaja. Ndinaziboola monga mwa masiku onse."

Chimenechi chinali chizolowezi chake china. Chigubu chilichonse chikatha, ankachikhoma msomali wa sikisi inchi pansi pa chogwirira kuti akathyali asadzathiremo zabodza n'kugulitsanso. Amayi a ku Nselema ankamutukwanira mumtima powawonongera zigubu zabwino za palafini.

"Koma pali chimene chikundizunguza muno," anapitiriza, atatsitsa mawu. "Msomali unakana kulowa. Pamalo pomwe ndimaboola nthawi zonse panali polimba ngati chidendene. Zonse ziwiri. Ndinachita kuboola cham'mbali, kufupi ndi chitsekerero."

A Hilary anagogoda chitseko ndi makiyi. Nthawi inali yatha.

* * *

Habiba anathamanga ngati mtsikana, osasamala kuti anthu a pamsika akumuyang'ana. Kuseri kwa galaja, pamene pankakhala mulu wa zigubu wofika m'chiuno, anapeza poyera mbee, mizere ya tsache ikuonekabe padothi. Abdulrahim akati wasesa, amasesadi. Habiba anangoti khuma pamwala, manja kunkhongo, osadziwa kuti akwiyire ndani. Munthu ungamukalipire bwanji pokuthandiza? Dzuwa linali litakwera kale, ndipo tsiku limenelo linkaoneka kuti likuthamanga mwadala.

Anadzuka n'kulunjika kwa Godfrey.

Anamupeza pakhonde, mkono uli m'chikhakha, nkhope yodzaza mabandeji. Godfrey anali munthu wa pakamwa, wa nthabwala za pasiteji ya matola, koma atamuona Habiba nthabwala zonse zinamuthawa.

"Mayi, ine galimoto yapita, mkono ndi uwu, abale a Elube akundisaka ngati galu wachiwewe. Mwabwera kudzanditaninso?"

"Ndabwera kudzamva kumene munagula oyilo."

"Ndanena kale kupolisi. Kwa amuna anu."

"Amuna anga sagulitsa oyilo. Nselema yense akudziwa."

"Tsiku limenelo anagulitsa."

"Anamutenga pati?"

"Pa... pashelefu."

"M'galaja muja mulibe shelefu, a Godfrey. Muli tebulo limodzi ndi dzenje."

Godfrey anafuna kudzuka, ululu n'kumubweza pampando. "Inu mukuona ngati matola ndi masewera eti? Injini ija inkamwa oyilo ngati chidakwa, sabata iliyonse kuwonjezera, utsi kumbuyo ngati ndikuwotcha makala. Oyilo wa m'sitolo mwa Fauziya ndi wa mabwana a m'maofesi. Ndiye munthu akakunong'oneza kuti alipo wina wotsikirapo, wothira kale uchi, iwe ungaka..."

Anadziluma lilime, koma mawu anali atatuluka kale.

"Munthu wake uti?"

Godfrey anayang'ana kumbali. Apo Habiba madzi anamufika m'khosi. Mayi wamkulu, wa ana anayi, anagwada m'fumbi pamaso pa munthu amene anamangitsa mwamuna wake.

"Ndagwira mwendo wanu, a Godfrey. Galimoto ija akukonzerani zaka zisanu ndi ziwiri. Pa Khirisimasi anakakutengani ku Ntaja mvula ikugwa. Dzina lokha basi."

"Dzukani, mayi, anthu akuona." Godfrey anasuzumira kumsewu. "Ndikanena kuti ndinagula m'njira, imfa ya Elube igwera pamutu panga. Ana ndili nawo inenso."

"Dzina lokha."

Godfrey anamuyang'ana mayang'anidwe achilendo, okhala ngati achisoni, kenako anaseka kaseko kowawa.

"Pitani kwanu, mayi. Mukakumba kwambiri mufukula njoka, ndipo amene ikamulume si ine."

* * *

Sitolo ya zipangizo za galimoto ya Fauziya inali pafupi kutsekedwa, poti nthawi ya Juma, mapemphero a Lachisanu masana, inali itayandikira. Fauziya anali mayi wachangu, woyankhula ngati akudula nsalu ndi lumo. Sitoloyo anamusiyira malemu mwamuna wake, ndipo tsopano ankadziwa za injini kuposa madalaivala ambiri omuderera.

"Godfrey? Anabwera Lolemba m'mawa. Ananyamula chigubu, anamva mtengo, anachibwezera ngati chamuwotcha. Ndinamuuza kuti bambo, dizilo imatulutsa mwaye wambiri, imafuna oyilo wa dizilo woti azinyamula mwayewo. Mukathira wa petulo kapena wosadziwika kwawo, mwagula maliro a injini. Akuti ulaliki ndisungire Lachisanu."

"Ndiye sanagule?"

"Ngakhale sefa anakagula kwina. Anatuluka apa n'kukhotera kuseri kwa msika."

Habiba anatulutsa ovolosi m'jumbo n'kumuonetsa thumba lija. Fauziya anafikisa nsaluyo ndi zala, anainunkhiza kamodzi kokha, n'kuibweza.

"Chipisi."

Habiba anachita ngati wamenyedwa mbama. Ndithudi, chipisi! Kafungo kamene kanamuzunguza m'mawa wonse kanali ka mafuta a m'chiwaya, amene amadutsa pambali pake tsiku lililonse popita kumsika.

"Ndinamvapo kuti kumatauni amachita," anatero Fauziya. "Amatolera mafuta otha ntchito kwa okazinga chipisi, amasefa pansalu kangapo, amathiramo uchi kuti alemere ndi kuwala ngati enieni. M'chigubu amaoneka bwino kuposa anga. Akatentha mu injini amagwirana, njira zonse za oyilo n'kutsekeka. Subhanallah, ndiye zafika kwathu kuno."

"Uchiwo amagula wambiri ndani?"

Fauziya anatembenuka n'kuyamba kusanja malamba a injini amene anali osanjika kale.

"A Fauziya."

"Kuyambira mwezi wa Ramadani pali munthu amatenga katoni yathunthu. Galimoto alibe. Njinga yakapalasa basi. Ine ndinkati mwina amakagulitsa kumidzi, ndipo wamalonda safunsa kumene katundu akupita."

"Ndani?"

Ku mzikiti azana yoitanira anthu kukaswali inayamba. Fauziya anatenga loko n'kumukankhira Habiba panja mofatsa.

"Habiba, m'bale wanga, ine ndimaswali mzikiti umodzi ndi inu nonse. Usandiyankhulitse. Ungodzifunsa kuti zigubu zopanda kanthu, za chizindikiro chenicheni, munthu angazipeze kuti zambiri muno mu Nselema."

"Za amuna anga zonse n'zoboola."

Fauziya anakhoma loko, anakonza mpango wake, n'kumuyang'ana m'maso.

"Chobooka sichimatika?"

* * *

Njira ya kunyumba inatalika. Habiba ankayenda ngati wasenza thumba la chimanga, uku akukangana ndi mtima wake. Omata ndowa alipo angati kuseri kwa msika? Mmodzi. Nanga anasesa dzala ndani, apolisi asanafikeko? Nanga anafuna kutentha ovolosi ndani? Iyayi, mtima unkayankha, iyayi, si achimwene. Ndipo pansi pa zonsezo panali kaganizo kochititsa manyazi, kakuti bola zigubu zasowa, poti popanda chigubu palibe chomukakamiza kudziwa.

Atafika anapita pa mpondagiya kuti asambe aswali, mwina Mulungu angamuonetse njira ina. Anaponda kamtengo, chigubu n'kupendekeka, madzi n'kuyamba kutsika. Pamenepo ndi pomwe anaziona. Nyerere zinali zitandanda kuchokera pansi, kukwera mtengo, kutsata chingwe, mpaka pakamwa pa chigubucho.

Phazi lake linauma pakamtengopo, madzi akungotayika.

Lachiwiri! Lachiwiri masana, atakapereka chakudya ku galaja, anatola chigubu chimodzi pamwamba pa mulu uja osauza munthu. Zaka zonsezi zigubu za Sufiyani sizinkamuthandiza, poti bowo la pansi pa chogwirira limataya madzi. Koma ichi chinali ndi bowo cham'mbali, kufupi ndi chitsekerero, pamalo penipeni pofunika mpondagiya. Anachitsuka kawiri n'kuchipachika, akudziyamikira kuti watola mwayi. Masiku atatu akhala akusamba m'manja ndi umboni, pamene iye lero anathamangira kukaufuna kudzala.

Anadula chingwe ndi mano. Pansi pa chogwirira panali kapepala ka chizindikiro komatidwa mosamala, ndipo anakakanda ndi chikhadabo mpaka kanasendeka.

Chigamba chinali chabuluu, buluu wa beseni lake. Pamwamba pake panali timizere titatu ta waya wamoto tokumana pamodzi ngati phazi la nkhuku. Ali mwana, Habiba anagwirira ndowa mazanamazana pamene mlongo wake ankamaliza chigamba ndi timizere timeneto, akunena kuti ntchito yabwino imasainidwa.

Anakhala pansi pomwepo, m'matope a madzi otayika aja, chigubu chili pamiyendo. Misozi inakana kubwera.

* * *

Belu la njinga linaliranso. Abdulrahim ankachokera ku Juma, atavala mkanjo woyera ndi mzuli, buledi atapachika pa chiwongolero woti akapatse mlamu wake. Anaona mitengo ya mpondagiya ili yokha, anaona chimene mlongo wake anafukata, ndipo anaima pageti osalowa, osabwerera.

"Munawerenga molakwika, achimwene," anatero Habiba. "Zinali ziwiri. Inu munapeza chimodzi."

Abdulrahim anakonza mzuli wake. Bodza analifunafuna, zinaoneka pankhope, koma sanalipeze.

"Masiku ano ndowa ikabooka anthu amataya, achemwali. Amakagula ina ya pamsika. Ndimakhala tsiku lonse moto ukuyaka pachabe." Anayankhula akuyang'ana tayala la njinga. "Ndinkagulitsa a zigayo ndi a njinga zamoto. Iwo amathira pang'ono, powonjezera, palibe anadandaulapo. Godfrey ndinamuuza kuti ndi wowonjezera. Ndikanadziwa bwanji kuti akadzazitsa injini yonse?"

"Anadzaza ndi bambo a Yasmin. Ndi manja awo, kuchokera m'zigubu zawo zomwe anaziboola kuti zimenezi zisachitike."

"Sindinafune kupha munthu. Allah ndi mboni."

"Lachitatu madzulo munandiperekeza ku polisi. Munandigwira dzanja njira yonse mukuti limba mtima, chilungamo chioneka. Mukudziwa."

"Ndinkaopa, Habiba!" Ulemu wa achemwali unagwa, anayamba kumuyankhula ngati kamtsikana kamene ankakabereka kumbuyo popita kuchipatala. "Tamvera. Sufiyani ndi mwamuna wolimba, umboni womumangira weniweni palibe, akakhalako pang'ono adzatuluka. Ine chifuwa ichi ukuchimva, utsi wa pulasitiki unandimaliza kale. Ndikalowa kundende ndikatuluka pamachira. Chibale n'fupa, sichiola. Mwamuna ndi wobwera, lero alipo mawa wapita kwawo, koma ine ndine malume wa ana ako. Yasmin akamadzakwatiwa, adzaimirira ndani?"

Anatambasula manja onse awiri.

"Ndipatse. Moto ndasiya ukuyaka, mphindi ziwiri chasungunuka. Palibe adzadziwe."

Habiba anayang'ana manjawo, ndipo chimenecho ndicho chinamupweteka kuposa mawu onse. Anali manja a zipsera zokhazokha, zala zopindika, zikhadabo zopserera. Chipsera chilichonse chinali yunifomu yake ya sukulu, kope lake, nsapato zake zoyamba. Ankamukonda munthu ameneyu, ndipo ngakhale tsopano chikondicho sichinachepe ndi pang'ono pomwe. Akanakonda chikanachepa.

Koma anakumbukiranso mutu wa Sufiyani utatsamira chitsulo, munthu wodziimba mlandu chifukwa cha zala zake zimene zinanena zoona. Anakumbukira ana atatu a Elube.

"Tiyeni limodzi, achimwene," anatero. "Mukanene ndi pakamwa panu. Ine ndikhala pambali panu. Ndizidzabwera ndi chakudya tsiku lililonse limene adzalole, ndikulumbira."

Abdulrahim anapukusa mutu.

Habiba anadzuka. Anavula chitenje chapamwamba, anaika chigubu kumsana n'kuchimanga ngati khanda, mfundo ziwiri pachifuwa. Anatenga jumbo ya ovolosi. Pageti njinga inali itapingasa, mwini wake ataigwira ndi manja onse awiri. Anali wamphamvu kuposa iye, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo.

"Ukadutsa apa ulibenso mlongo."

"Ndikabwerera m'nyumbamo ndi chigubu ichi chili kwa inu, ana anga ndidzawayang'ana ndi maso ati?"

Anaima choncho, mphuno ndi mphuno, mpaka nkhuku ya oyandikana nawo inadutsa pakati pa miyendo yawo ikutolatola. Kenako Abdulrahim anatsokomola chifuwa chake chija, anakokera njinga pambali pang'ono, malo ongokwana munthu mmodzi. Anamasula buledi pa chiwongolero n'kumupatsira osamuyang'ana.

"Ukawapatse alamu. Sanadye."

* * *

A Hilary anali akutseka mafayilo pamene Habiba analowa, fumbi mpaka m'maondo. Anamasula chitenje n'kuika chigubu patebulo, pambali pake ovolosi, pambali pakenso buledi. Anafotokoza mwadongosolo ngati munthu wowerenga kalata ya wina: bowo latsopano cham'mbali, bowo lakale lomatidwa, mafuta a chipisi, makatoni a uchi a kwa Fauziya, ndi shelefu ya Godfrey imene kulibe.

Wapolisiyo anatsegula chitsekerero, ananunkhiza, n'kukwinya mphuno. Anayendetsa chala pa chigamba chabuluu chija. Kwa nthawi yoyamba chiyambire nkhaniyi, nkhope yake inaoneka ngati yamva chinthu chatsopano.

"Godfrey ndimutumizira anthu pompano. Izi zikagwirizana, amuna anu a ku Balaka sawatenga." Anakoka pepala loyera n'kuvula chivindikiro cha cholembera. "Koma chigubu sichidzimata chokha, mayi. Mukumudziwa amene anamata?"

"Ndikumudziwa."

"Dzina?"

Kuseri kwa khoma kunamveka kuyetsemula kwa Sufiyani. Habiba anakweza mutu.

"Abdulrahim Mdoka. Womata ndowa kuseri kwa msika."

A Hilary analemba, kenako anaima. Anabweza maso pamwamba pa pepala la Lachinayi pomwe panali dzina la kwawo la mayiyu, n'kumuyang'ana.

"Mdoka? Ndi ndani wanu?"

"Achimwene anga. Bere limodzi. Ndi amene anandilera."

Cholembera chinakhala m'malere. Panja njinga ina inadutsa ikuliza belu, ndipo Habiba anatembenuka msangamsanga, koma anali wakabaza chabe. Pamene ankabweza nkhope, nyerere ziwiri zinali zitatuluka pansi pa chogwirira cha chigubu, zikuyenda papepala la a Hilary, kudutsa pa dzina limene anali atangolemba.

"Malizani kulemba, bwana," anatero. "Ndikakhalitsa pano ndisintha maganizo."